Prius PHV ikutentha ndikaima pamzere, fani imodzi ikumasiya kuzungulira. Ndi relay kapena mota?

Kanengo_PHV

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Prius PHV ya 2012, ija yochita kuchaja pa soketi, chassis yake ZVW35, injini 1.8. Inachokera ku Japan kudzera pa Dar ndipo yakhala ikundisunga bwinobwino, kuntchito ndimapita pa batire basi, injini kumangodzuka apo ndi apo. Vuto layamba mwezi uno dzuwa litafika penipeni. Aircon imazizira bwino galimoto ikamathamanga koma ndikangoima pamzere mtauni muno, makamaka pa mlatho wa Lilongwe paja masana, mphepo imayamba kutuluka yofunda ngati sindinayatse kanthu. Ndimaganiza kuti mwina gasi watha. Koma Loweruka ndikuchokera ku Salima, tikukwera zitunda zija kumbuyo kwa thiraki yolemedwa, nyale yofiira ya kutentha inayaka pa dashibodi. Galimoto iyi ilibe geji ya temperecha nde umangodzidzimuka ndi nyale basi. Ndinaima pambali kuti izizire kaye, nditayang'ana madzi mu thanki anali pa mzere wake, sinataye olo dontho.

Nditafika kunyumba ndinatsegula boneti, kuika pa READY (kutanthauza kuti galimoto yayaka, yakonzeka kuyenda), aircon pa LO, ndikumayang'ana mafani. Alipo awiri. Poyamba onse amazungulira koma mwapang'onopang'ono, phokoso lake osamveka kwenikweni. Pakapita kanthawi mumamveka kudina mu bokosi la mafyuzi, kenako imodzi imayamba kukuwa kwambiri pomwe inzake ija ikuchepa liwiro mpakana kuima njii. Ikadinanso onse awiri amabwerera pa kaliwiro kakang'ono kaja.

Amakaniko amene amandisinthira oyilo anagwira ma relay (timaswitchi ta magetsi toyatsa mafani) ndi chala akuti onse akudina nde ali bhobho, chafa ndi mota ya fani, ndigule mafani onse pamodzi ndi chimango chake. Anaikanso kamakina kawo ka OBD kowerengera kompyuta ya galimoto, sikanapeze code iliyonse yosonyeza vuto. Ndalama yake si yamasewera komanso kupeza kwake nkovuta. Nde funso langa ndi lakuti, mota yakufa ingazungulire bwanji pa liwiro laling'ono? Kodi pali njira yoti ndiyezere ndisanagule? Multimeter ndili nayo, ndimatha kuigwiritsa ntchito pang'ono. Chonde thandizeni, mwezi wa mawa ndili ndi ulendo wa ku Blantyre ndi ana.

Magetsi_Ndirande

Achimwene musagule kaye mafani amenewo. Funso mwafunsalo ndi lomwe lili ndi yankho mkati mwake. Mwayang'anitsitsa bwino kwambiri, ambiri amangobwera kuti galimoto ikutentha basi.

Ndikufotokozereni mmene mawaya ake anayendera pa Prius za mtundu umenewo. Muli mamota awiri, mafyuzi awiri a 30A olembedwa RDI ndi CDS, ndi ma relay atatu, FAN NO.1, FAN NO.2 ndi FAN NO.3, onse mu bokosi lakuda la mu boneti. Mukatembenuza chivindikiro chake muona chithunzi chosonyeza malo a chilichonse. Mulibe kamodule kochepetsera liwiro ayi. Kompyuta ya injini ikafuna kamphepo pang'ono imayatsa NO.3 yokha, magetsi amachoka pa CDS kulowa mu mota imodzi, kutuluka, kudutsa mu NO.2 ili chigonere, nkukalowa mu mota inayo kenako ku earth. Apo mamota ali pa series, akugawana ma volt 14 aja, iliyonse pafupifupi theka, nchifukwa chake amayenda mwaulesi. Ali ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, imodzi ikagona pansi ngolo yonse yaima. Ndiye mota imodzi ikanakhala kuti yapsa kapena ma brush atheratu, pa liwiro laling'ono mukanaona onse awiri ali zii. Inu mwaona onse akuzungulira. Apo mwayeza kale zinthu zambiri osadziwa: mamota onse ali moyo, fyuzi ya CDS ili bwino, NO.3 ikugwira, komanso mbali yogona ya NO.2 ikudutsitsa magetsi.

Kutentha kukakwera, kapena pressure ya gasi wa aircon ikakwera, kompyuta imayatsanso NO.1 ndi NO.2. NO.2 ikadina imadula mgwirizano uja nkupatsa mota yoyamba ija earth yakeyake, nchifukwa chake imakuwa, yalandira magetsi onse yokha. Mota inayo tsopano yasiyidwa, ikuyenera kulandira magetsi ake kuchokera pa RDI kudzera mu NO.1. Ngati njira imeneyo yafa imangoima. Ndi zomwe mukuonazo. Nde anthu anu ndi atatu basi, fyuzi ya RDI, relay ya FAN NO.1 ndi soketi yake, kapena waya wochoka pamenepo.

Za kudina zija, amakaniko anu asakunamizeni mosadziwa. Kudina kumangotanthauza kuti koyilo ya mkati yakoka kachitsulo. Sikukuuzani ngati timilomo tamkati tomwe timadutsitsa magetsi tili bwino. Timapsa, timada ndi mwaye chifukwa nthawi iliyonse mota ikamayamba imakoka current yambiri ndipo pamathetheka kamoto. Relay yotero idzadina mpaka kalekale koma osadutsitsa kanthu. Code simuipezanso chifukwa kompyuta imangolamula koyilo, sioona ngati fani yazunguliradi.

Yambani ndi chophweka. Zimitsani galimoto, zulani chingwe chochajira ngati chili cholumikiza, kiyi muike kutali mnyumba chifukwa PHV zambiri zili ndi batani la A/C pa rimoti, mwana akalidina mafani adzuka manja anu ali momwemo. Yang'anani RDI ndipo muyeze ndi mita, osangodalira maso. Kenako zulani NO.1 ndi NO.3, muone manambala olembedwa pamwamba. Ngati ali ofanana zisinthanitseni malo nkuyesanso. Ngati relay ndi yomwe yafa matenda asamuka, liwiro laling'ono lisowa pa mafani onse awiri, ndipo pa liwiro lalikulu fani imene imaima ija izungulira, imene imakuwa ija nde iime. NO.2 musaisinthanitse ndi inzake iliyonse, imeneyo ili ndi mapini 5 pomwe zinazo zili ndi 4.

Mawaya a orange musakhudze olo pang'ono. Batire lalikulu lili ndi ma volt opitirira 200 ndipo inverter, bokosi losintha magetsi a batire kuti ayendetse galimoto, imawakweza kufika 650. Ntchito yonse ya mafani ili ku mbali ya 12V, palibe chifukwa chofikira kumeneko. Komanso pa READY injini imadzuka yokha osakuchenjezani, malaya amanja aatali ndi chingwe cha ID muchotse.

Dala_wa_Zalewa

Ine sindine wa magetsi koma ndayendetsa magalimoto zaka zambiri, ma minibus ndi ma saloon omwe. Kuno kwathu kukutentha osati ngati ku Japan, nde ife timangomanga fani dayirekiti, ukangoyatsa kiyi fani yayamba, ukazimitsa yazima, nkhani ya relay yatheratu. Ena amachotsanso thermostat kuti madzi aziyenda mwaufulu. Magalimoto amakwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa atanyamula full osawira. Mwana wanga ngati ulendo wa ku Blantyre uli pafupi pitani kwa wa magetsi aliyense akumangireni waya umodzi, ndi ntchito ya kanthawi kochepa ndipo simulipira zambiri. Ana asakavutike panjira.

MayiTaxi_Mzuzu

Ine ndili ndi Prius ya injini yomweyo koma yosachaja pa soketi, ndimayendetsa ngati taxi kuno ku Mzuzu nde ma Chiweta ndimakwera pafupipafupi. Za ma relay achimwene a ku Ndirande afotokoza bwino, sindionjezera. Ine ndingoti mukamaliza zimenezo musatseke boneti kaye, pali zina zoti muone chifukwa galimoto izi kutentha kwake kumabwera ndi njira zingapo.

Injini ya 2ZR-FXE ilibe lamba olo m'modzi, pampu ya madzi ndi ya magetsi, ili ndi fyuzi yakeyake yolembedwa ENG W/P. Ikamafooka galimoto imatentha pa chitunda chimodzimodzi mmene mwafotokozeramo, kungoti imeneyo nthawi zambiri imasiya code, P261B. Nde muonetsetse kuti makina amene anayezerawo amawerengadi kompyuta zonse za hybrid, timakina tina totchipa timangoona za injini zapamwamba basi. Komanso thanki za madzi zilipo ziwiri, ina ya injini ina ya inverter, iliyonse ndi pampu yake. Inu mwati madzi ali pa mzere, mwayang'ana zonse ziwiri? Ya inverter mukaika pa READY mukasuzumira mumaona madzi akugwedezeka mkati, akakhala bata ngati a mu ndowa nde kuti pampu yake yaima, ndipo code yake imakhala P0A93. Madzi ake ndi a pinki aja, osathiramo a pa mpopi kapena obiriwira a mmabotolo ogulitsa pamsewu.

China ndi fumbi. Ine ndinapeza kuti pakati pa condenser (ka radiator ka aircon) ndi radiator ya injini panadzaza njere za udzu, nthenga ndi agulugufe, kutsogolo kumaoneka koyera koma mkatikati mutatsekeka. Walitsani tochi kuchokera kumbuyo muone ngati kuwala kukudutsa. Potsuka gwiritsani payipi wamba, osati makina a pressure a ku car wash, amapinda timapepala ta aluminiyamu tija.

Ndipo achimwene chonde musamayendenso nayo nyale yofiira itayaka ati ndifike kaye pa filling station. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, ukatentha kwambiri gasket imapita, ndipo ndalama yake ya pamenepo mafani mungagule kangapo. Ikayaka imani. Mukakhala pamalo povuta kuima zimitsani A/C, ikani hita pa HI ndi mphepo yonse, mawindo pansi, imathandiza kuchotsako kutentha mpaka mupeze poima.

Magetsi_Ndirande

Amayi a ku Mzuzu anena zoona zokhazokha, makamaka za thanki ziwiri. Mphepo ya mafani omwewa ndi imene imaziziritsanso madzi a inverter ndi condenser, nchifukwa chake pa PHV vuto la fani limabisala nthawi yaitali. Munthu akuyenda pa batire mtauni, injini ili yozizira, palibe chowira, chizindikiro chokha ndi aircon yofooka pamzere. Amapita kukathiritsa gasi, amuthirira wopyola muyezo, pressure ikukwera, vuto lenileni lili pomwepo. Tsiku lokwera chitunda injini italira nthawi yaitali ndi pamene limaonekera.

Madala a ku Zalewa, ndi ulemu wonse, pa minibus zakale zija ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, koma pa galimoto iyi ayi ndithu. Batire laling'ono la 12V lili ku buti kumbuyo ndi laling'onodi, silinapangidwe kuti lizikoka katundu wolemera, ntchito yake ndi kudzutsa makompyuta basi. Mulibe alternator, limachajidwa ndi converter galimoto ikakhala pa READY. Mukamanga mafani dayirekiti, munthu akadina batani loyatsira galimoto kawiri osaponda buleki nkukhala akudikira mnzake, mafani akukuwa, batire latha, galimoto siilowanso READY ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Komanso magetsi onse amene mafaniwo azidya akuchokera ku batire lalikulu lomwelo, ma 4.4 kWh okha, mtunda woyenda pa magetsi uchepa, ma brush a mota atha msanga. Ndipo waya womangidwa mwachangu nthawi zambiri sakhala ndi fyuzi, ndaonapo mabokosi a mafyuzi atasungunuka chifukwa cha zimenezo. Thermostat nde musayerekeze. Injini iyi imazima ndi kudzuka kambirimbiri, ikamakhala yozizira kompyuta imailiza nthawi yaitali kuti ifunde, mafuta nkumapita, phindu lonse la hybrid latha. Relay ndi kachinthu kotchipa, tikonze chimene chafacho.

Achimwene a ku Kanengo, poti mita muli nayo, yezani relay ija mokwanira. Za Toyota mapini ake amalembedwa 1, 2, 3, 5, ndipo ya mapini asanu ili ndi 4 yoonjezera. 1 ndi 2 ndi koyilo, zofanana ndi 85 ndi 86 pa ma relay ena aja. Pa ohms muyenera kupeza penapake cha pakati pa 60 ndi 120, mita ikalemba OL nde kuti magetsi sakudutsa, koyilo yaduka, koma yanu poti ikudina iyenera kukhala bwino. Pakati pa 3 ndi 5 pasakhale kulumikizana relay ili chigonere. Mukapatsa 12V pa 1 ndi 2, pakati pa 3 ndi 5 patsike pansi pa 1 ohm.

Koma apa nde pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Mita ikamayeza ohms imatumiza ka current kochepetsetsa, kamadutsa olo pa timilomo topsa, nkukuonetsani nambala yabwino. Mota ya fani ikabwera ndi ma amp ake ochuluka mpamene zimakanika. Nde yezani ili ndi katundu. Tengani babu la hedilaiti la 55W, limakoka ma amp opitirira 4, lumikizani kuchoka pa batire kudutsa pa 3 ndi 5 kupita ku babu. Relay itadina babu likuyaka, ikani mita pa volts, nsonga imodzi pa 3 ina pa 5. Relay yabwino ikuonetsani pafupifupi ziro, 0.1 kapena 0.2. Mukaona theka la volt kapena kuposa, kapena nambala ikudumphadumpha mukaigogoda ndi chala, itayeni. Siyani babu liyake kanthawi chifukwa zina zimagwira zili zozizira nkusiya zikafunda. Taganizani, volt imodzi yotayika pa ma amp 10 ndi ma watt 10 a kutentha pa kamalo kochepa ngati mutu wa machesi, nchifukwa chake pulasitiki ya soketi imasungunuka.

Relay ili kunja choncho, yezaninso mu soketi ya NO.1, bowo limodzi mwa aakulu aja liyenera kukhala ndi 12V yochokera pa RDI. Ngati palibe, vuto lili ku fyuzi. Ngati ilipo mutha kulumikiza mabowo awiri aakuluwo ndi waya wonenepa wokhala ndi fyuzi pakati, kwa masekondi ochepa, fani iyenera kukuwa nthawi yomweyo. Onetsetsani kuti ndi mabowo a 3 ndi 5, mukalowetsa magetsi ku mbali ya koyilo mutha kuwotcha kompyuta ya injini. Ngati simukutsimikiza, chimenechi chokha musiyireni wa magetsi. Amene ali ndi Techstream, pulogalamu ya pa kompyuta yoyezera ma Toyota, nde zimaphweka, mu Active Test muli poyatsira mafani osadikira kuti galimoto itenthe.

Kanengo_PHV

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso ndi zotsatira. RDI ili bwino. NO.1 ndi NO.3 manambala ake ndi ofanana nde ndinasinthanitsa, ndipo zinachitika ndendende mmene munanenera achimwene, liwiro laling'ono linasowa, itadina fani imene imaima ija inakuwa bwinobwino inzake ili duu. Mtima wanga unakhala pansi pomwepo.

Ndinaiyezanso ndi babu. Pa ohms imaonetsa bwino ndithu, pansi pa 1, koma babu limayaka mofiira ngati la tochi yotha mabatire, mita pa 3 ndi 5 kumadumpha pakati pa ma volt awiri ndi anayi, ndikaigogoda babu kuwala kenako kufookanso. Nditaiyang'anitsitsa pini imodzi yaikulu ndi yakuda, pulasitiki yozungulira pini yasanduka ya bulauni ndipo ikununkha kupsa. Ndagula ina ya nambala yomweyo yochotsa mu galimoto ina, ndinatenga babu ndi mawaya anga kukaiyezera konko ndisanalipire, inaonetsa 0.1. Pano mafani onse awiri akukuwa limodzi, aircon ikuzizira nditaima padzuwa. Mayi a ku Mzuzu, thanki zonse ziwiri zili bwino, madzi a inverter akugwedezeka, koma udzu nde unalimodi wambiri, ndatsuka.

Chimodzi chokha chikundidetsa nkhawa. Relay yatsopanoyi polowa mu soketi ya NO.1 ikulowa mofewa kusiyana ndi zinzake, ndipo bowo limene munali pini yakuda lija likuoneka lokulirapo. Ndiisiye choncho?

Magetsi_Ndirande

Ayi musaisiye, mukatero yatsopanoyo ipsanso pini yomweyo. Kachitsulo ka mu soketi kakatentha kamataya mphamvu yake yofinya, pini imakhala yolendewera, pamathetheka moto, kutentha nkumayambira kunja kulowa mkati mwa relay. Nkutheka kuti ndi pamene yakale ija inayambira kufa. Kupinda ndi kasikuludiraiva kumagwira masiku ochepa basi. Pitani kwa wa magetsi atsegule pansi pa bokosilo, atulutse terminal imeneyo, adule waya mpaka pamene kopa akuwala, aikepo ina ya saizi yomweyo yofinyidwa ndi chida chake, osati kungopota ndi kukulunga tepi. Negative ya batire laling'ono ku buti achotse kaye asanayambe, ndipo buti musatseke batire lili lochotsa chifukwa loko yake ndi ya magetsi.

Mukadali komweko mupempheni aike clamp meter pa waya wa mota iliyonse mafani ali pa liwiro lalikulu. Manambala awiriwo asatalikirane kwambiri. Ngati ya mbali ya NO.1 ikukoka mopyola inzake, ma bearing ake ayamba kulimba ndipo ndi imene ikuwotcha zinthu, apo nde mungasinthe mota imodzi yokhayo osati chimango chonse. Galimoto itazima, kiyi ili kutali, zungulitsani mapiko onse awiri ndi dzanja mumve ngati ina ikulemera kapena kukhulana. Ayang'anenso pulagi ya pa mota ndi bawuti ya earth ngati pali dzimbiri. Zikakhala bwino zonsezi, musanapite ku Blantyre iyeseni kaye pa chitunda cha pafupi masana aircon ili yoyatsa, mukaima gwirani pamwamba pa relay ya NO.1, ikhale yofunda pang'ono ngati zinzake, osati yootcha chala.